Kachere Wodzalidwa Mvula Isanagwe

Pabwalo la nyumba yathu panalibe mtengo. Panali chitsa cha bwemba chokha, chakuda, chimene nkhuku zinkakwerapo m'mawa. Mtengowo ndinaudula ndine, kalekale, pamene ndinkafuna nkhuni zowotchera njerwa za nyumba tikukhalayi. Unali wa apongozi anga, ndipo akazi anga anakulira pansi pake. Tsiku lomwe unagwa sanaphike. Chitsacho anakana kuti ndichizule, choncho ndakhala ndikuchilambalala zaka zonsezi popita kukhola la mbuzi.

Ine pamudzi pano, kufupi ndi Golomoti, ndine mkamwini. Kwathu ndi kumapiri, kuno ndinatsikira banja. Amuna a msinkhu wanga tinakula tikudziwa kuti mkamwini amamanga nyumba, amalima, amakumba manda a eni mudzi, koma mtengo sadzala. Mtengo umakhalitsa kuposa ukwati. Ukaudzala, anthu amayamba kufunsana kuti kodi mkuluyu akufuna kulanda malo? Mwambo umenewu ine unkandikomera, chifukwa unkandipatsa poyankhira. Dzinja lililonse akazi anga ankati, “Bambo, tidzaleko ngakhale mango okha apa.” Ine ndinkati, “Ndidzalirenji pamudzi pa eni?” Akafuna mthunzi ankanyamula lichero lawo n'kupita kumtengo wa mango wa kumtunda kwa mudzi, kumene amayi onse amasonkhana masana.

Kenaka anadwala. Anagwa akupeta mpunga, ndipo tinawanyamula pangolo kupita nawo kuchipatala ku Mua. Anabwerako ndi moyo, koma mkono ndi mwendo wa kumanja zinali zitafa, lilime nalo likulemera. Namwino wina potitulutsa anandikokera pambali n'kundiuza kuti, “Agogo, mayiwa musamawatsekere m'nyumba. Azikhala panja, aziona anthu, aziyankhula.” Ndinavomera msanga, osaganiza kuti panja pathu ndi potani.

Amene sanakhalepo kuno kuchigwa m'chilimwe sangamvetse. Nyumba yathu ndi ya malata, ndipo dzuwa likafika pamutu m'katimo mumasanduka uvuni. Khonde ndi lopapatiza, mthunzi wake umatha anthu asanaweruke kudimba. Kumtengo wa mango kuja sakanatha kufikako. Ndinayesapo kuwabereka kumsana tsiku lina, koma tisanapitirire nkhokwe anandimenya paphewa ndi dzanja lawo labwinolo kuti ndiwatsitse. Sankafuna kuti mudzi uwaone atalendewera ngati khanda. Mwana wathu wamkazi amalawirira kumpunga ku Bwanje, amabwerako madzulo. Anzawo a mayi ankabwera ndithu, koma ankaima pabwalo chitenje atafunda kumutu, n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji, thukuta likangoyamba n'kutsanzika. Sindikuwanena. Pabwalo loyera mbee ngati limene lija panalibe poti munthu angakhale n'kutong'ola chimanga uku akucheza.

Ndinaona kuti mayi akusiya kuyankhula. Mawu amene ankayesetsa kutulutsa atangobwera kuchipatala anayamba kuchepa, chifukwa analibe owayankhula nawo kupatula ine, ndipo ine si munthu wa nkhani. Apo m'pamene ndinatsimikiza mtima kuti pabwalo pano pakhala mthunzi iwo akadali moyo. Za mwambo ndinati ndikaonera konko.

Kuwerenga ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, matipate atabwera kale, imvi zili mbuu. Munthu wophunzira mochedwa amalemekeza chilichonse cholembedwa. Pamsika panali chipepala chachikulu chonena kuti nyengo yodzala mitengo ndi ya mvula, ndipo ndinachiwerenga ndekha, chilembo ndi chilembo, mtima uli m'malo. Ndinapeza mbande za m'machubu, za mango ndi za keshya, n'kuzidzala mu Januwale mvula ili pakati.

Dothi lathu ndi makande. Limasunga madzi ngati mtsuko. Febuluwale atafika madzi anaima pabwalo, mbande zinachita chikasu, zambiri zinaola. Zotsalazo zinadikira masika. Anthu atakolola anamasula mbuzi, monga timachitira chaka chilichonse, ndipo zoyamba kudya mbandezo zinali zanga zomwe.

Dzinja lotsatira ndinachenjerako. Ndinaunda timilu kuti madzi asaime, ndinatchinga mbande iliyonse ndi minga. Mbuzi zinalephera, koma chilimwe chitafika chiswe chinalowa cha pansi. Inatsala mbande imodzi ya mango, yondifika m'bondo. Ndinkaithirira, ndinkainyadira. Tsiku lina ndinasuntha mpando wa mayi kuti aione bwino. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine.

“Umenewu,” anatero, mawu akutuluka movutikira, “udzandipeza?”

Chipepala chija sichinaname. Chinalembedwera anthu amene ali ndi zaka zodikira. Ife tinalibe.

Njira ina ndinaipeza kuseri kwa nyumba, kubafa. Mvula itatha ndinapita kukakonza mpanda wake wa udzu, umene unali utapendekera. Mizati yake ndinaidula nthawi ziwiri zosiyana, koma kumtengo umodzi, kachere wa kumtsinje. Ina ndinaizika mu Okutobala, kamvuluvulu atagwetsa mpanda wakale. Ina ndinawonjezera mu Febuluwale, mvula ili mkati. Ya Febuluwaleyo ndinangoikoka ndi dzanja limodzi, inali itaola kunsi, ikununkha. Koma pa ya Okutobala ija, iwiri inali ndi masamba pamwamba. Ndinali nditawaonapo masambawo, osalabadira. Tsiku limenelo ndinagwira mzati umodzi n'kuugwedeza. Unakana. Ndinafukula ndi chikwanje m'munsi mwake, ndipo ndinapeza mizu yoyera, yonenepa ngati zala.

Ndinakhala pansi pomwepo pamiyala ya m'bafa. Ndinaganiza kuti nthambi yotalika kuposa munthu ili kale ndi zaka zake m'thupi. Masamba ake mbuzi singawafikire. Ikazikidwa m'dothi louma, bala la chikwanje limapola lisanakumane ndi madzi, ndipo mvula ikamafika imapeza mizu itayamba. Ikazikidwa m'matope, balalo limaola. Sindinamve kwa munthu izi, ndipo sindikunena kuti ndi mmene zilili ndi mtengo uliwonse. Ndikunena zimene mpanda wa bafa langa unandionetsa.

Chovuta chinali kudikira. Apo n'kuti chimanga chikuuma kumene m'munda, ndipo Okutobala anali kutali. M'chisanu mayi anadwala chifuwa, mwera ukuwomba, ndipo ndinkangoti mwina ndichedwa. Kangapo ndinatenga chikwanje kuti ndipite kumtsinje. Ndinkafika panjira n'kubwerera. Ndinali nditataya kale madzinja awiri, ndipo ndinkadziwa kuti ndikadula nthambi nyengo yolakwika nditayanso chaka china. Ndinasankha chizindikiro changa: ndikatuluka m'mawa ndinkayang'ana kumapiri a kumadzulo, kumene msewu umakwera kupita ku Dedza. Mitengo ya kumeneko imayamba mphukira mvula isanagwe, phiri lonse n'kufiira. Ndinati mitengo ikadzuka yokha kumeneko, nayo nthambi yanga idzadzuka.

Phiri linafiira kumapeto kwa Seputembala, nyenje zitayamba kulira. Ndinakapempha kwa mwini dimba limene kachere uja ali, ndipo anandiloleza akuseka. Ndinasankha nthambi yowongoka, yonenepa ngati ntchafu yanga, yotalika moti nditaimika ndinalephera kugwira nsonga yake. Ndinasadza tinthambi tonse, ndinaisiya pamthunzi kuti utomoni wake woyera uume, kenaka ndinaimanga panjinga n'kuikankha mpaka kunyumba. Anthu panjira ankafunsa ngati ndikumanga chigafa.

Malo anasankha ndi mayi. Ine ndinkafuna pafupi ndi khonde, koma iwo analoza ndi dzanja lamanzere pambali pa chitsa cha bwemba. Sindinatsutse. Makande a m'chilimwe amalimba ngati njerwa, khasu limangodumpha. Ndinakumba ndi chitsulo chosongoka, pang'onopang'ono, m'mawa mokha, mpaka dzenje linandifika m'ntchafu.

Ndili m'dzenjemo anafika alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga, amene ali mwini mbumba pamudzi pano. Ndi munthu wamtali, wokonda nthabwala, koma nthabwala zake zimakhala ndi minga. Anatsamiritsa njinga yawo pankhokwe, anapereka moni kwa mlongo wawo, kenaka anaima pamwamba panga.

“Alamu, chimbudzi pakati pa bwalo?”

“Ndikudzala mtengo.”

“Mtengo uti? Ichi?” Anakankha nthambi ija ndi phazi. “Ichi ndi chikuni, alamu. Ndiponso mwezi uno? Agalu akubisala pansi pa nkhokwe, inu mukudzala? Kusukulu ya kwacha kuja anakuphunzitsani kalendala yozondoka?”

Ndinawafotokozera za mizati ya kubafa.

“Imene ija inaphuka ndi madzi osamba,” anatero. “Ndiye kuti muzisamba pano pabwalo, ife tizidzaonera?”

“Ya Febuluwale inkamwa madzi omwewo, koma inaola.”

Alamu anawerama, ananunkhiza podulidwa paja, anakanda khungwa ndi chikhadabo. Ataweramuka nkhope inali itasintha.

“Uyu ndi kachere.”

“Eya.”

“Mango ndinakusiyani, ndinati ndi zipatso za ana. Koma kachere, alamu? Kachere amadzala munthu amene akukhazikitsa mudzi. Inu mwabwera liti kudzakhazikitsa mudzi pano? Mawa ndikamwalira ine, adzukulu a kwanu kumapiri adzabwera kudzaloza mtengowu kuti agogo athu anadzala, malo ano ndi athu. Ndaonapo zimenezi.”

“Kwathu kulibe amene akufuna makande anuwa.”

“Lero kulibe. Mtengo umenewu sufa lero.” Analoza chitsa. “Pano panali mtengo wa amayi anga. Simunafunse munthu poudula. Lero simunafunsenso munthu podzala.”

Mawu amenewo analibe bodza. Ndinatuluka m'dzenje. Ndinawauza chimodzi chokha, kuti akhoza kunditengera kubwalo, akhoza kundilipitsa, koma nthambiyo ilowa m'dzenjemo lero, chifukwa ikagona sabata ina iuma, ndipo mvula ikayamba nyengo yatha.

Tili chiimire choncho tinamva mpando ukukhwekhwereza. Mayi anali atagwira mzati wa khonde, akufuna kudzuka. Tonse awiri tinathamanga.

“Achimwene,” anatero mayi kwa alamu. Anapuma, anameza malovu. “Ndinyamuleni.”

“Mupite kuti, achemwali? Dzuwali?”

“Apo.”

Munthu amene anakana kuberekedwa ndi mwamuna wake analola kuti awiri tiwanyamule ndi mpando womwe, wina uku wina uku, mpaka pamphepete pa dzenje. Anandiuza ndi maso kuti ndiimike nthambi. Nditaiimika anatambasula dzanja lawo lamanzere n'kuigwira zolimba, mitsempha kuonekera.

“Kwirirani,” anandiuza. Kenaka anatembenukira kwa alamu. “Ndadzala ndine. Awa ndi aganyu.”

Alamu anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana ine, kenaka anaphulika kuseka mpaka kugwira m'mimba.

“Waganyu wake wokalamba chonchi, achemwali? Mumulipira chiyani?”

“Adya kale,” anatero mayi. “Zaka zonsezi.”

Linali tsiku loyamba kuwamva akuponya nthabwala chidwalireni. Alamu anapukuta misozi, anavula jekete, anandilanda khasu. Anati waganyu ameneyu akwirira mokhota. Ine ndinkapondaponda dothi, iwo akukokera, mayi ali chigwirire mpaka dzenje linadzaza. Pochoka alamu ananena mokweza, kuti a nyumba zoyandikana amve, kuti mlongo wawo wadzala kachere pamalo pa amayi ake. Kenaka anandinong'oneza kuti, “Koma sichiphuka chimenechi.”

Sindinkathira madzi ambiri, poopa zomwe zinachitikira mizati ya Febuluwale. Kachigubu kamodzi madzulo, osati tsiku lililonse. Komabe madziwo ankafunika kutunga, ndipo mwana wathu ankafika atatopa, choncho kumjigo ndinkapita ndekha. Amayi a pamjigo sanandisiye.

“Agogo, ndodo yanu ija yamwa lero?”

“Mukamaliza mudzathirireko mpini wa khasu langa, mwina ubala makasu.”

“Musiyeni mkamwini wa eni, akugwira ganyu!”

Nkhani ya ganyu inali itafika kale mudzi wonse. Ndinkaseka nawo, koma ndikafika pakhomo ndinkazungulira nthambiyo ngati munthu wofuna nsabwe. Panalibe kanthu. Okutobala anatentha chaka chimenecho moti nthaka inang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Kunagwa kamvula ka chizimalupsa, kanangonunkhiritsa fumbi n'kupita. Khungwa la kumtunda linayamba makwinya. Alamu akabwera ankakoleka chipewa chawo pa kanthambi kodulidwa, amvekere, “Chokolekera chabwino mwatipangira.” Ndinkakanda pang'ono ndi chikhadabo m'munsi, ndikaona kubiriwira mkati ndinkabweza mtima. Mwana wathu anandiuza kuti ndisiye kukanda, ndiupha ndi chikhadabo mtengowo.

Anayamba kuona ndi mayi, chifukwa iwo ndi amene ankakhala moyang'anana nawo tsiku lonse. Ndikuchokera kukhola anandiitana, analoza pamwamba. Maso anga ndi ofooka, ndinachita kukwera pachitsa. Pansi pa podulidwa paja panali timatuza tofiirira, tating'ono ngati mapira, tina titang'ambika kale kuonetsa nsonga ya tsamba. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Ndinatsika pachitsapo mosamala, ndinakhala pansi.

“Mwaona?” anatero mayi.

“Ndaona.”

“Wanga.”

“Wanu, mayi.”

Mvula yeniyeni itabwera madzi anaimanso pabwalo monga kale. Mango aja a m'bondo anapirira, alipo mpaka lero, akundifika m'chiuno. Kachere sanachite chikasu. Pofika masika anali ndi tsumba la masamba ngati dengu, pamwamba pomwe mbuzi zinkangoimirira ndi miyendo iwiri n'kubwerera. Khungwa lokha ndi limene ndinalikulunga ndi minga, chifukwa mbuzi ikalephera tsamba imaluma thunthu.

Sindinganame kuti mthunzi unabwera msanga. Chilimwe choyamba unali wokwana mutu ndi mapewa. Ndinkawakhazika mayi pamenepo m'mawa, ndipo dzuwa likamayenda ndinkakoka mpando kutsatira kamthunziko, pang'ono pang'ono, ngati tikuthawa madzi odontha. Ankadandaula kuti ndikuwazunguza mutu. Chilimwe chachiwiri unakwana mpando wonse ndi miyendo. Chachitatu unakwana mphasa.

Woyamba kukhala pansi anali mnzawo wa kuubwana, amene anavinidwa nawo limodzi. Anabwera monga mwa masiku onse, chitenje kumutu, kudzapereka moni woimirira. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana chitsa cha bwemba chimene tsopano chinali mumthunzi, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kukhalapo. Mawa lake anabwera ndi mtedza woti aswe. Mkuja anabwera ndi mnzake. Sindikunena kuti amayi onse anasamuka kumango a kumtunda, ayi, kumeneko n'kwakukulu ndipo nkhani zotentha zikadali komweko. Koma masana ambiri pabwalo pathu pamakhala awiri kapena atatu, ndipo ine ndimachokapo kupita kukhola kuti amasuke. Ndili kumeneko ndimamva mawu a mayi, olemera, ochedwa, akutsutsa wina za mtengo wa mpunga kapena za mwana wa uje amene wathawa ukwati. Mkono ndi mwendo sizinabwerere. Mawu anabwerako ambiri ndithu, ena mwa iwo ondinena ine.

Alamu nawo amabwera. Amakhala pamphasa, chipewa pabondo, n'kumauza aliyense wodutsa kuti mlongo wawo ali ndi dzanja la mitengo. Za chikuni chija sakumbukira. Ine sindiwakumbutsa. Ndikudziwa kuti tsiku lina, mayi akadzatsogola ine ndikadalipo, mwina adzandiperekeza kwathu kumapiri monga mwa mwambo, ndipo kachere adzatsala. Zimenezo sizindisowetsa tulo. Sindinadzalire kuti ndikhale nawo.

Chimene chikundivuta panopa ndi dzuwa la kumadzulo. Likapendeka limalowa pansi pa nthambi n'kuwawomba mayi kumaso, ndipo alendo amayamba kusonkhanitsa malichero awo nthawi isanakwane. Pakufunika kachere wina mbali ya kukhola. Mwini dimba uja ndakamupempha kale, dzenje ndayamba, ngakhale masiku ano chitsulo chikundilemera kuposa kale ndipo ndimapuma kawirikawiri. Mwana wathu akuti ndidikire mvula ifewetse nthaka. Ndamuuza kuti apite kubafa akaone.

Dzulo m'mawa ndinayang'ana kumapiri, ndipo mbali ya kumunsi yayamba kufiira. Ndinanola chikwanje. Mayi anandiona ndikunola, anatambasula zala za dzanja lawo lamanzere, anazipinda, anazitambasulanso.

“Mukadule yowongoka,” anatero. “Ndipo muwaitane achimwene. Mpandowu simungaunyamule nokha.”